Ndikatsika ndeke ku Germany ndiyambire pati? Yankho kwa mtsikana wa ku Kapata

Funso ili lachokera kwa mtsikana wina wa ku Kapata kuno ku Chipata, ndalidula pang'ono chifukwa analemba zambiri:

"Anti muli bwanji? Ine ndili chaka chachitatu pa yunivesite ku Lusaka ndipo andisankha kupita ku Germany semesita imodzi pa pulogalamu yosinthana ana asukulu. Viza yatuluka, tikiti ilipo, ndinyamuka kumapeto kwa Seputembala. Koma Anti ine kunja komwe ndinafikako ndi pa Mchinji chabe, ndeke sindinakwerepo. Ndikatsika ndiyambire pati? Amayi akuti ndinyamule nyama youma ndi ufa. Usiku tulo sitikubwera."

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usanakwere basi, ambiri amandiimbira ali kale pa eyapoti ya eni ake foni yatsala pang'ono kuzima. Ine ndinaphunzirako ku Germany zaka zingapo ndipo chibwerereni ntchito yanga ndi yomweyi yokonzekeretsa ana opita kunja, ndiye zomwe ndikuuze zina ndinaziona mwa anzako amene anatsogola, zina zinandiliza ine ndemwe.

Chachikulu ndi ichi. Masabata awiri oyamba si okajambulitsa zithunzi za pa Facebook ayi, ndi a mapepala, ndipo mapepala a kumeneko ali ngati mzere wa pachigayo, sungadumphe thumba la mnzako. Pepala ili limafuna lija, lija limafuna linzake. Ukatsata mzere zonse zimayenda zokha, ukasokoneza udzangozungulira maofesi mpaka Novembala. Koma tiyambe ndi ulendo.

Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo mapiri a ku Luangwa ukuwadziwa, basi ikafera pamenepo ndeke sidikira munthu. Pita ku Lusaka kutatsala masiku awiri. Mayuro ugule konko ku bureau, 200 kapena 300 ya m'manja, uwapemphe akupatse timapepala ting'onoting'ono ta 10 ndi 20, chifukwa ndalama ya sikolashipu nthawi zambiri simalowa mpaka utatsegula akaunti ya kumeneko. Ndeke yochoka pa eyapoti ya Kenneth Kaunda ku Lusaka kupita ku Germany osatera kwina kulibe, udzasintha kaya ku Addis Ababa, kaya ku Doha, Dubai kapena Nairobi. Posinthapo musamachite manyazi, onetsa tikiti kwa aliyense wovala yunifomu akulozera geti. Pasipoti, kalata yokuitana ya yunivesite, kalata ya sikolashipu, pepala la nyumba, la inshulansi, chaja, juzi ndi zovala zosinthira za tsiku limodzi, zonsezi zikhale mu kachikwama kolowa nako mu ndeke osati mu sutukesi. Mapepalawo uwasindikize, usadalire foni yokha. Ndipo wina akakupempha pa eyapoti kuti mundinyamulireko kaphukusi aka kwa m'bale wanga, olo akhale mayi wooneka wopemphera bwanji, kana.

Manje nkhani ya amayi. Uwauze mwaulemu kuti nyama itsale, adye okha ndi ana. Lamulo la European Union sililola munthu wochokera kunja kulowa ndi nyama, mkaka kapena chilichonse chopangidwa ndi zimenezi, youma kapena yaiwisi ndi chimodzimodzi, akakupeza amalanda ndipo atha kukulipiritsa. Zipatso ndi masamba aawisi nazonso zimafuna satifiketi, zisiye. Nsomba youma lamulo lake ndi lina, imaloledwa mpaka makilo 20, ndiye kapenta pang'ono utha kutenga koma umange mapulasitiki atatu, apo ayi zovala zako zonse zidzanunkha pa Luangwa Bridge mpaka Khrisimasi. Ufa makilo awiri akwana, wongoyambira. Kumeneko umapezeka mu mashopu a anthu a ku Africa ndi a ku Asia, wodula inde koma ulipo. Chimene sudzachipeza ndi mthiko wabwino. Mankhwala a zitsamba opanda dzina omwe ambuya angakupatsire, athokoze ndi manja awiri kenako uwasiye kunyumba.

Ukatera, tinene ku Frankfurt poti ambiri athu amatera kumeneko, uyamba wakumana ndi apolisi oona mapasipoti. Sadzakumwetulira, usadabwe, si iwe wekha. Akafunsa wabwera kudzatani, unene mwachidule kuti kudzaphunzira pa yunivesite yakuti, uonetse kalata, basi. Kenako ukatenge sutukesi. Ikapanda kutuluka usachoke m'chipinda chimenecho usanalembetse pa ofesi ya katundu wosowa, akupatse pepala lokhala ndi nambala, sutukesi imabwera pambuyo mpaka pakhomo. Intaneti ya pa eyapoti ndi yaulere, lumikiza utumize uthenga umodzi kunyumba kuti ndafika, amayi ayambe kupuma. Simu yako ya Airtel kapena MTN usataye, uisunge mu kachikwama ka pasipoti, tsiku lina banki ya kuno idzakutumizira nambala yachinsinsi pa simu yomweyo. WhatsApp imapitiriza ndi nambala yako yakale olo usinthe simu.

Pa eyapoti ya Frankfurt pali masiteshoni a sitima awiri, ina ya sitima zapafupi ina ya zakutali, anthu amasokonezeka apa. Yang'ana pa tikiti dzina la siteshoni ndi nambala ya pulatifomu, mawu ake pa chikwangwani ndi Gleis. Gula tikiti usanakwere. Kulibe kondakita woitanira pakhomo kapena wokambirana naye mtengo, umangolowa ngati za ulere, koma oyendera akakupeza ulibe tikiti ndi 60 yuro pomwepo ndipo zoti ndine mlendo samva. Taimu pa matikiti amalemba ngati momwe timanenera kuno, 16:42, ndiye apa ife a ku Zambia tili ndi mwayi. Sitima zakumeneko zimachedwa ndithu, anthu amakokomeza chabe zoti kulibe kuchedwa, koma iwe usachedwe chifukwa tsiku lomwe wachedwa ndi lomwe imanyamuka pa nthawi yake.

Apa pali chinthu chimene uyenera kukonza lero lino usanamalize kuwerenga, kiyi wa chipinda. Nyumba zambiri za ana asukulu zimayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa Studierendenwerk, ndipo bambo wosamalira nyumba, amati Hausmeister, amapereka makiyi pa maola ake ochepa mkati mwa sabata. Ukafika Loweruka, Sande kapena pa 3 Okutobala lomwe ndi holide ya dziko lonse, ofesi ndi yotseka ndipo kulibe neba amene angati lowani mugone kuno mwana wathu. Lembera ofesi yoona ana akunja pa yunivesite yakoyo, uwauze tsiku ndi ola lofika, ufunse ngati ali ndi wophunzira wokakuchingamira. Mayunivesite ambiri ali nawo, amawatcha buddy, mwana wasukulu mnzako wodzipereka amene atha kukutengera kiyi n'kukudikira pa siteshoni. Usachite ulemu wa kumudzi woti ndisavutitse anthu. Vutitsa.

Ine ndinafika Loweruka madzulo. Kiyi ndinapeza, mwayi, koma nditatsegula chitseko ndinapeza bedi ndi matiresi chabe, kopanda bulangete, kopanda pilo, kopanda ngakhale kapu. Ndinati mawa ndikagula. Mawa lake Sande ndinayenda tauni yonse mashopu onse otseka, msewu uli zii ngati kwagwa maliro a mfumu. Ndinadya mabisiketi omwe ndinabisa mu ndeke, ndinagona mu zitenje ziwiri ndi jekete, hita ili pompo pakhoma koma sindinadziwe kuti kachinthu ka manambala kaja umapotokola. Ndinalira ngati mwana ndikudzifunsa chomwe ndinasiyira kwathu. Ndiye iwe dziwiratu, Sande mashopu satsegula, kupatula a pa siteshoni yaikulu ya sitima, pa filing'i siteshoni ndi ophika buledi ena m'mawa. Chitenje nyamula ziwiri kapena zitatu, chimakhala katani, nsalu ya pabedi, thaulo, zonse. Gulanso adaputa ku Lusaka, mapulagi athu a mano atatu aja salowa, kumeneko ndi timabowo tiwiri tozungulira. Madzi a pampopi ndi abwino, imwa, osawononga ndalama.

Tsopano mzere wa pachigayo uja. Pepala loyamba limachokera kwa eni nyumba, lotsimikiza kuti ukukhaladi pamenepo, dzina lake ndi lalitali ngati njanji, Wohnungsgeberbestätigung, usavutike kulitchula ingolionetsa pa foni. Ulipemphe tsiku lomwe ukulandira kiyi. Ndi pepala limenelo ndi pasipoti upite ku ofesi ya tauni, ena amati Bürgeramt ena Einwohnermeldeamt, ukalembetse adiresi yako. Kulembetsaku amati Anmeldung ndipo lamulo limati uchite pasanathe masiku 14 chilowereni m'nyumba. Matauni ambiri amafuna upangane nawo tsiku pa intaneti, ndipo mu Okutobala ana asukulu amakhala ambiri masiku amatha msanga, ndiye sungitsa tsiku ukadali kuno ngati zikutheka. Pa fomu adzakufunsa chipembedzo, usadzidzimuke, ndi nkhani ya msonkho wa tchalitchi womwe amadula kwa anthu olipira msonkho wa pa malipiro, mwana wasukulu wosagwira ntchito sakhudzidwa. Akamaliza akupatsa kapepala kamodzi kooneka wamba. Kasunge ngati satifiketi ya Giredi 12, chifukwa banki idzakafuna, ofesi ya alendo idzakafuna, pena ngakhale laibulale ya tauni.

Ukachoka apo tsegula akaunti, mabanki ambiri ali ndi ya ana asukulu yosadula mwezi ndi mwezi. Nambala yake amati IBAN, imayamba ndi DE, ndipo ndi imene upereke kwa a sikolashipu, a renti ndi a inshulansi. Zotumizirana ndalama pa foni monga tinazolowerera kuno pa kabooth ka pakona kulibe. Inshulansi ya zaumoyo ndi yokakamiza, popanda umboni wake yunivesite sikulembetsa, ndiye funsa bwinobwino ngati sikolashipu yako ikulipirira kapena ulowa wekha ku mabungwe a boma monga TK kapena AOK, komwe mwana wasukulu amalipira kupitirira 100 yuro pamwezi. Ukalembetsa pa yunivesite ndi kulipira ndalama ya semesita ulandira khadi, ndipo m'mayunivesite ambiri ndalama imeneyo imaphatikiza tikiti yokwerera mabasi, matiramu ndi sitima zapafupi. Koma tcheru, siigwira ntchito pa sitima zothamanga zija za ICE ndi IC, anzako ambiri agwidwa nazo.

Tsegulanso pasipoti uyang'ane tsiku lothera viza. Ngati ikutha semesita isanathe, uyenera kupempha chilolezo chokhalira ku ofesi ya alendo, Ausländerbehörde, tsikulo lisanakwane, osati litadutsa. Imeneyi si ofesi yoti uchedwe nayo dala.

China chimene palibe amakuuza, dziko lija limayenda ndi makalata a pa positi. Lemba dzina lako pa kabokosi ka makalata tsiku loyamba, monga lilili mu pasipoti, chifukwa dzina likapanda kuoneka kalata imabwerera. Khadi ya banki ibwera pa positi, nambala yake yachinsinsi ibwera mu envulopu ina tsiku lina, nambala ya msonkho nayo ibwera yokha ukalembetsa adiresi. Ibweranso kalata yofuna ndalama ya wailesi ndi TV, Rundfunkbeitrag, yomwe kuyambira 2021 ndi 18.36 yuro pamwezi pa nyumba iliyonse, olo ulibe TV. Si akuba ayi, ndi lamulo. Ngati mukukhala angapo mu fulati imodzi amalipira mmodzi n'kugawana, ndiye funsa anzako a m'nyumba usanalipire kawiri. Kalata iliyonse tsegula tsiku lomwelo, ukapanda kumva pita nayo kwa buddy wako. Ndipo usasaine chinthu chomwe sunamve, makamaka makontirakiti a foni ndi a jimu, ambiri ndi a miyezi 24 pomwe iwe ukhala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Simu gula yothira wekha mayunitsi, monga ya ku mashopu a Aldi kapena Lidl, amafuna pasipoti polembetsa ngati kuno.

Za ndalama ndinene mosabisa. Sabata yoyamba chilichonse udzachisandutsa makwacha m'mutu ndipo udzaopa ngakhale kugula buledi. Idya mwana wanga. Gula ku Aldi, Lidl, Penny kapena Netto, masana idya ku kantini ya pa yunivesite yomwe amati Mensa, ndi yotchipa kwa ana asukulu. Nyamula chikwama chako popita kushopu ndipo pa thilu khala wachangu, amaponya katundu mwaliwiro ngati akuthamangitsidwa ndipo wolongedza ndiwe. Mabotolo usataye, la pulasitiki kapena chitini cha chakumwa chili ndi 25 senti yomwe unalipira kale, umabweza mu makina a m'shopu. Mwezi woyamba ndi wodula kuposa yonse chifukwa cha dipoziti ya nyumba ndi zogula zoyambira. Tsono achibale akangoona chithunzi chako uli mu jekete, mauthenga ayamba, fetereza, fizi ya mng'ono wako, foni ya asuweni. Uwauziretu usananyamuke, pamaso pa amayi, kuti ndalama ya sikolashipu anaiwerengera munthu mmodzi ndipo ukupita kukaphunzira osati kumigodi. Ganyu lamulo limalola, kuyambira 2024 ndi masiku athunthu 140 pachaka kwa ophunzira akunja, koma ona zomwe zalembedwa pa viza yako, ndipo mwezi woyamba usaganizeko n'komwe.

Kuzizira. Ukuchoka kuno nthawi yomwe dzuwa likuwotcha mpaka phula kufewa, ukafika komwe Okutobala wake amaposa Juni wathu. Ku salaula ya pa Kapata kapena Saturday Market majekete a kunja aja amakhala otchipa nyengo ino poti palibe akuwafuna, sankha lalikulu lolowa juzi mkati. Kuvala zingapo zopyapyala kumafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala, ndipo m'nyumba, m'basi ndi m'kalasi mumatentha, umavula. Nsapato zosalowa madzi ukagule ku Germany konko. Mafuta odzola ochuluka, khungu limauma mpaka kuyera. Koma chimene chimagwetsa anthu si kuzizira, ndi mdima. Sande yomaliza ya Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi, ndiye nthawi yomwe inali yofanana ndi ya kuno imatsalira ndi ola, ndipo pofika Disembala 16:30 kwada kale. Thupi limafooka, umangofuna kugona. Tuluka panja masana tsiku lililonse olo mphindi 20, olo kuli mitambo.

Ichi chokha undimvere ngati mayi ako. Ukuchokera kudera la malungo, ndipo malungo atha kubisala m'thupi n'kutulukira uli kale kumeneko. Ukatentha thupi m'masabata kapena miyezi yoyamba, pita kwa dokotala tsiku lomwelo ndipo mawu oyamba akhale akuti ndachokera ku Zambia, mundiyeze malungo. Madokotala akumeneko sawaona kawirikawiri, atha kuganiza chimfine n'kukuuza kamwe tiyi. Limbikira. Usiku kapena pa wikendi nambala ya dokotala ndi 116117, zikavuta kwambiri 112 ndi ya ambulansi, 110 ya polisi. Zisunge mu foni lero.

Anthu ake nanga? Udzalowa m'basi n'kupereka moni, palibe woyankha, wina n'kukuyang'ana ngati wapenga. Kwathu munthu wodutsa osalonjera timati ndi wamwano kapena mfiti, kumeneko kusakulankhula ndi ulemu wawo, akuti asakusokoneze. Koma yemweyo wa nkhope yolimba ukamufunsa njira atha kukuperekeza mpaka pakhomo. Akakupatsa chakudya iwe n'kukana kaye mwa chikhalidwe chathu kuti akukakamize, mbale imabwerera kukhitchini ndipo ugona ndi njala. Ukafuna nena inde koyamba komweko. Akati tiye tikamwe khofi, nyamula ndalama yako, aliyense amalipira zake. Aphunzitsi uziwayang'ana m'maso polankhula, kuyang'ana pansi komwe tinaphunzitsidwa iwo amaona ngati ukubisa kanthu, ndipo ukapanda kumva funsa m'kalasi momwemo, amakondwera nazo. Akakuuza kuti ntchito yako sinakhale bwino amanena mosazungulira, sikuti akudana nawe. Akulu ndi a m'maofesi uziwatchula Sie, lili ngati inu wathu, du ndi iwe wa anzako, apa Mchewa savutika. Phunziro likatha ana amagogoda pa desiki m'malo moomba m'manja, ine tsiku loyamba ndinkayesa akuchita sitiraka. Kuyambira 22:00 phokoso ayi, ndiye mavidiyo kolo a kunyumba okuwa aja uchepetse mawu. Zinyalala amazipatula, mapepala kwake, mapulasitiki kwake, zakudya kwake, pempha wa m'nyumba akuonetse kamodzi.

Sindikunamiza kuti onse ndi abwino. Ena adzakuyang'anitsitsa, wina adzafuna kugwira tsitsi lako, wina adzasuntha pampando, ndipo pena wina atha kukunyoza chifukwa cha khungu. Zikachitika usazisunge mumtima wekha, uza a ofesi ya ana akunja, ndipo ukaona kuti pali chiopsezo imba 110 osaopa, viza yako ndi yovomerezeka ngati ya wina aliyense. Tsitsi ulukiretu kuno loti likhalitse, kumeneko kulukitsa ndi ndalama ya chakudya cha masabata.

Kusungulumwa sikubwera tsiku loyamba, nthawi imeneyo uli bize ndi mapepala. Kumabwera sabata yachitatu, Sande masana, mapepala atatha, ukaona pa WhatsApp anzako akudya nsima ya chiwawa chotendera pakhonde. Msampha wake ndi kudzitsekera m'chipinda maola asanu pa foni ndi a kunyumba, thupi lili ku Germany mtima uli ku Kapata, semesita n'kutha osadziwa munthu olo mmodzi. Pangana ndi amayi tsiku ndi ola loimbirana, kawiri pa sabata kwakwana. Sabata yolandira alendo pa yunivesite upite ku chilichonse, olo zooneka zachibwana, chifukwa mabwenzi onse amapangidwa masiku amenewo pomwe aliyense ndi mlendo, wa ku Brazil ndi wa ku Korea nawonso akulira m'zipinda zawo. Gulu la Erasmus Student Network limakonza maulendo otchipa m'matauni ambiri. Ngati umapemphera, pa mayunivesite pamakhala magulu a ana asukulu a Katolika ndi a mipingo ina, KHG ndi ESG, kumene umapezako ndi tiyi ndi anthu. Funsanso za a ku Zambia ndi a ku Malawi a m'dera lako, pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, athu amakonda kukumana, ndipo ofesi ya kazembe wathu ili ku Berlin, ndi bwino adziwe kuti uliko.

Ine chimene chinanditsegulira zitseko ndi nsima. Sabata yachinayi ndinaphika mu khitchini ya tonse, ndi nkhuku ndi sipinachi wothira chiponde, anzanga a m'nyumba omwe ankangondidutsa anabwera kudzaona chomwe ndikulimbana nacho mu poto, ndinawasambitsa m'manja n'kuwaphunzitsa kutema mbamu. Mmodzi anapsa zala. Ndi yemweyo amene anadzandiperekeza ku ofesi ya alendo kukandimasulira.

Imelo ya kiyi ija ulembe usiku uno. Amayi uwapatse moni, uwauze nyama adye, koma mthiko alowetse okha mu sutukesi.